Abiti Waziri ndi Diresi Loyera

Mukamva anthu akunena kuti uje ali ndi mapazi oyabwa musamatsutse msanga, chifukwa anthu otere alipo, ndipo Amida anali mmodzi wa iwo. Ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Naperi, kunsi kwa phiri la Soche, masiku amene njanji inali itangofika kumene ku Limbe. Dzina loti Amida ankalidziwa ndi ochepa. Onse ankangoti Abiti Waziri, monga Ayao amatchulira munthu wamkazi ndi dzina la bambo ake. Ukamufuna kunyumba ankakuuza kuti wangotuluka kumene. Ukamulondola kudambo ankati wakwera kuphiri. Ngakhale kudya ankadya choimirira, diso lili pa mbiya zake.

Ntchito yake inali yonika nsalu. Nthawi imeneyo nsalu imene munthu wamba ankaipeza mosavuta inali yoyera mbee, yopanda duwa ngakhale limodzi. Tsono nsalu yoyera pa dothi lofiira la kuno ku Kabula sichedwa kusanduka chopukutira miphika. N'chifukwa chake amayi ankabwera nazo kwa Abiti Waziri kuti aziike mtundu.

Luso limeneli analitenga kwa mayi ake, amene ankanika nsalu za makungwa azungu asanabwere. Mtengo uliwonse ankaudziwa pamodzi ndi mtundu umene unabisa m'kati mwake. Makungwa a mbawa ankamupatsa mtundu wa katondo, naphini ankamupatsa wachikasu, chitimbe ndi mlombwa wofiira. Akafuna yakuda bii ankayamba waiphika nsaluyo m'makungwa, kenako n'kukaikwirira m'matope akuda a kudambo tsiku lathunthu. Makungwawo ankawasinja mumtondo wakewake, woti mutasinjiramo chimanga banja lonse lingadye ufa wofiira. Nsalu isanaone utoto ankaiviika kaye m'madzi a chidulo, omwe aja timathira m'therere, kuti mtundu ulowe mpaka mu ulusi. Ankaphikira mu nkhali zadothi zokhazokha. Mphika wachitsulo sankafuna n'kuuona komwe, ankati umadetsa mtundu. Nsalu yonikidwa ndi iye inkang'ambika ndi ukalamba koma osasuluka, ndipo mawu amenewa ankawanena yekha, mokweza, ngakhale kwa munthu amene sanamufunse.

Chimene chinkamusowetsa mtendere inali mitengo. Tauni inkakula, ndipo tauni imadya njerwa, njerwa nazo zimadya nkhuni. Chitimbe chimene wachisenda mwezi uno, mwezi wamawa ankapeza chitsa. M'malo mwake azungu ankabzala bulugamu, mtengo umene Amida ankaunyoza kuti ndi wopanda manyazi, wongovula wokha makungwa pamsewu. Chaka ndi chaka ulendo wake wofuna makungwa unkatalikirako. Ku Limbe nakonso masitolo a Amwenye anadzaza biriwita ndi nsalu zamaluwa zochokera kutsidya kwa nyanja. Iye ankapita dala kukaima pakhonde la sitolo, n'kunyambita chala, n'kutikita nsalu ya eni ake kuti aone ngati isuluke. Ikasuluka ankakweza chalacho kuti onse odutsa achione. Anamupirikitsa kangapo, koma ankabwererakobe.

Pa ana anayi amene anabala, anatsala ndi mmodzi, Halimatu. Bambo ake a mwanayo, a Kalimu, anali amtengatenga, osenza katundu wa azungu pa maulendo, ndipo anamwalira iye akali wamng'ono. Halimatu atasinkhuka anapita ku mishoni, kutsidya kwa mtsinje wa Mudi, kukaphunzira kuchapa, kusita ndi kusoka. Anaphunziradi, koma anabwerako atabatizidwa, ali ndi dzina latsopano loti Christina. Amida, amene anali Msilamu wosaphonya Ramadani, anakhala mwezi wathunthu osamulankhula, mpaka anaona kuti amene akulangika ndi iye mwini. Anayambiranso kumulankhula, koma dzina lachilendolo silinatuluke pakamwa pake. Mantha ake anali amodzi okha, oti tsiku lina mwanayo adzaoloka Mudi osabwereranso.

Ndiye kunapezeka mnyamata, Wilkins, mmisiri wa matabwa wa ku mishoni komweko, wofatsa, wodziwa kupatuka panjira akaona apongozi. Ankhoswe anakumana, nkhani inatha, ukwati anauika Loweruka lina la mwezi wa Julaye.

Lolemba la sabata imeneyo Christina anafika ku Naperi atasenza kabokosi. Analowa nako m'nyumba akumwetulira.

"Amayi, yang'anani uko. Musatembenuke mpaka ndinene."

"Iwe, ndili ndi nkhali pamoto ine."

"Pang'ono pokha. Eya, onani tsopano."

Amida anatembenuka. Pakhomo panaima chinthu choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope itaphimbidwa ndi kansalu kopyapyala. Iye anali atasambitsapo maliro a amayi anzake kambirimbiri, ndipo ankadziwa kuti munthu amene amavekedwa zoyera zokhazokha mpaka kumaso ndi amene akupita kumanda. Zimene ankaona pamenepo inali nsanda, nsalu yokulungira mtembo, ndipo m'kati mwake munali mwana wake mmodzi yekhayo.

"Vula! Vula msanga, Halimatu!"

"Bwanji amayi? Silinandikhale? Ndasoka ndekhatu, miyezi iwiri yathunthu."

"Kusoka wasoka bwino," anatero Amida, akuyang'ana kumbali. "Koma latha limeneli?"

"Latha."

"Nanga mtundu wake?"

Christina anaseka. "Ndi momwemu amayi. Kutchalitchi timavala choncho."

Anapinda diresilo, n'kulibwezera m'kabokosi, n'kukasiya pamwamba pa mtanda wa nyumba. Ankafuna kuti Loweruka adzavalire kwa mayi ake. Madzulo omwewo anabwerera ku mishoni, kumene amayi a mpingo ankamulangiza za banja mpaka Lachinayi.

Amida anatsala akuzungulira bwalo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ankalowa m'nyumba, n'kuyang'ana kabokosiko, n'kutuluka, n'kulowanso. "Timavala choncho," ankabwereza mawu a mwanayo. Nanga akanavala bwanji, poti kutsidyako kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusenda chitimbe? Anadziuza kuti mwanayo wangochita manyazi kupempha chifukwa cha mkangano wa ubatizo uja. Apo ayi, analisiyiranji diresilo m'nyumba ya munthu wonika nsalu? Ndipo iye analibe mbuzi kapena mikanda yoti apatse mwana wake pa ukwati. Chimene anali nacho anali manja ake, ofiirira mpaka m'zigongono.

Akanafunsa. Mishoni sinali kutali kwa munthu woyenda ngati iye. Koma Abiti Waziri pa nkhani ya nsalu anali asanafunsepo munthu chibadwire, ndipo paja safunsa anadya phula.

Lachiwiri analawira ndi kankhwangwa ndi dengu. Ku Soche anapeza zitsa. Anadutsa Kanjedza, n'kuoloka njanji ku Limbe, anthu a pasiteshoni akumufuulira kuti sitima ikubwera, iye osacheuka. Ku Mpingwe anapeza chitimbe chimodzi chachinyamata, anachigwira, n'kuchisiya, chifukwa makungwa a mtengo waung'ono mtundu wake ndi wamadzimadzi. Anapitirira mpaka kuseri kwa Bangwe, kumene anapeza zimene ankafuna, chitimbe chokalamba ndi mlombwa waukulu pafupi pake. Anasenda mbali imodzi yokha ya mtengo uliwonse, n'kumata dothi pabalapo kuti mtengowo usafe. Anafika kunyumba dzuwa likulowa, zidendene zitang'ambika, koma mtima uli mbee.

Lachitatu anagwira ntchito imene sanaigwirepo pa nsalu ya munthu aliyense. Chidulo anacheza chatsopano. Makungwa anasinja mpaka anasalala. Diresilo analimiza, n'kulitembenuza ndi mthiko, n'kuliyanika pamthunzi, n'kulimizanso. Nsalu za anthu ankazimiza katatu, koma ili analimiza kasanu. Kansalu ka kumaso kokha anakasiya, poopa kuti kangasungunuke m'nkhali. Pofika madzulo pachingwe panali chofiira chimene anthu a ku Naperi anali asanachione, chakuya, chofanana kuyambira pakhosi mpaka kumpendero. Amayi opita kumadzi ankatula mitsuko kuti aone bwino. Amida ankangoyendayenda pabwalo ngati sakuwamva, koma ankamva liwu lililonse.

Lachinayi masana Christina anatulukira panjira ali ndi mayi Alefa, mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anamuphunzitsa kusoka. Amida anawathamangira, n'kuwakokera kuseri kwa nyumba kumene kunali chingwe.

"Taona, Halimatu! Tsopano ndiye latha."

Christina anaima. Anayang'ana mabatani, anayang'ana tizingwe ta m'manja timene analuka yekha, ndipo anazindikira diresi lake. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, n'kugwira kumutu.

"Mayo ine," anatero mayi Alefa chapansipansi. "Abiti Waziri, mwachita chiyani?"

"Ndachita chiyani bwanji? Mumafuna mwana wanga akwatiwe atavala nsanda ngati maliro?"

Mayi Alefa anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali womvetsera, kenako anayandikira. "Tamverani, mayi anzanga. Kwathu ku mpingo, mtsikana amene wadzisunga amalowa m'tchalitchi ndi zoyera. Amene analakwa ukwati usanafike, zoyera samulola. Amavala za mtundu wina, ndipo aliyense akangoona amadziwa. Mwanayu akalowa ndi ili, palibe adzafunse kuti wanika ndani. Adzangoti, ohoo, kani zinali choncho."

"Koma mwana wangayu sanalakwe!"

"Ine ndikudziwa. Nanga mukauza anthu angati? Azibale a mwamuna abwera kuchokera ku Domasi, ena sanamuonepo n'komwe."

"Si mungabwereke lina?"

"Madiresi oyera ku mpingo kwathu alipo atatu, ndipo aliyense amawadziwa eni ake. Onse anamuona uyu akusoka lake. Akavala lobwereka adzafunsa kuti lake lapita kuti, ndipo pakamwa pa anthu mukupadziwa."

Apa Christina anadzutsa mutu. "Mwandivula pagulu, amayi. Zaka zonsezi ndadzisunga, inu mwandivula tsiku limodzi."

Amida anatsomphola diresilo pachingwe n'kuthamangira nalo kumtsinje. Analipaka sopo, analimenyetsa pamwala, analifinyira mandimu, analipondaponda ndi mapazi. Madzi ankatuluka oyera ngati akuchapa mwala. Anapakanso, anamenyanso, mpaka mapewa anachita dzanzi. Chofiiracho chinkangowala. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake Abiti Waziri anatukwana chitimbe, anatukwana chidulo, anatukwana ndi manja ake omwe.

"Musadzivute," anatero Christina ataima pamtunda. Mawu ake anali ouma. "Si mumanena nokha kuti zanu sizisuluka? Ndikupita. Ndikawauza a Wilkins kuti ukwati uyambe waima. Ndipo kuno musandiyembekezere."

Anatembenuka, mayi Alefa pambuyo pake, n'kulowera njira ya kutauni.

Amida anatsala m'madzi ofika m'mawondo, diresi lili m'manja. Chimene ankachiopa zaka zonse chija chinali chitafika, ndipo anachiitana yekha. Anatuluka m'madzimo, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka, n'kupita kunkhali, n'kubwerera. Kachitatu analowa n'kuima pakati pa nyumba, maso ali kudenga. Kenako anakoka mtondo, n'kukwerapo, n'kusolola phukusi limene linali litafika pakuda ndi mwaye pakati pa udzu ndi phaso.

Phukusi limenelo linali ndi mbiri yake. A Kalimu anafera panjira ya ku Matope, katundu wa mzungu ali pambali. Anzawo anawakumbira dzenje m'mbali mwa msewu n'kuwaika atawakulunga mumkeka wong'ambika, popanda wowasambitsa, popanda nsanda. Chimene chinafika kwa Amida inali nsalu yoyera imene inali malipiro a mwamuna wakeyo pa ulendowo. Tsiku limenelo analumbira kuti iye sadzapita kwa Mulungu ngati mtolo wa nkhuni. Nsaluyo anaisunga kuti idzakhale nsanda yake. Pa njala sanaigulitse, pa usiwa sanaivale, ndipo inali nsalu yokhayo imene inalowa m'nyumba mwake n'kukhalabe yoyera. Chaka chilichonse ankaitulutsa, n'kuifukiza lubani, n'kuibwezera.

Anaikwapatira n'kuyamba kuthamanga. Anthu a pamsika anaona mayi wachikulire wonyowa mpaka m'chiuno akudutsa pakati pa milu ya chinangwa osapepesa. Anawapeza awiri aja atatsala pang'ono kuoloka Mudi.

"Halimatu! Taima!"

Christina anaima, koma sanacheuke. Amida anamasula phukusilo, akusamala kuti zala zake zisakhudze m'kati, n'kulipereka kwa mayi Alefa.

"Tayezani iyi. Ikwana?"

Mayi Alefa anaitambasula, n'kuyamba kuyeza kuchokera pachala mpaka pachifuwa. "Nsalu yabwinotu iyi, yakale, yolimba. Ikwana, itsalako. Ndikaitana amayi anayi, tikapempha makina osokera, mawa dzuwa lisanalowe latha."

Fungo la lubani linamufika Christina. Anatembenuka pang'onopang'ono. Iye anakulira m'nyumba imene ija, ndipo ankadziwa chimene chinkakhala kudenga.

"Amayi, iyi si ija ya..."

"Khala chete. Ndi nsalu."

"Iyayi amayi, sindingavale imeneyi. Inu nomwe mumati..."

"Ndimati chiyani? Ndimalankhula zambiri ine, umandidziwa. Tenga."

"Nanga inuyo?"

"Ine ndafa? Ukundiona ngati wakufa ine? Pitani, dzuwa likupita, muli ndi zosoka."

Anatero mokalipa, koma mumtima mwake munali mantha awiri akulimbana. Ankaopa kudzapita kumanda wamaliseche ngati mwamuna wake, ndipo ankaopa kwambiri kuti tsopano akumuveka mwana wake nsanda yeniyeni ndi manja ake. Christina anagwada pamsewu pomwepo n'kulandira nsaluyo ndi manja awiri.

Loweruka Amida anaoloka Mudi, koma m'tchalitchi sanalowe. Anaima panja, pansi pa mitengo ya bulugamu, akusuntha kuchoka pa mtengo uwu kupita pa uwo, akumva nyimbo zimene sankazidziwa. Belu litalira, chitseko chinatseguka, ndipo anamuona mwana wake akutuluka woyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Wilkins ali pambali pake. Amida anatseka maso n'kunena mawu onse a pemphero amene ankawadziwa. Atatsegula, mtsikanayo anali atakweza kansalu ka kumaso, akuunguzaunguza pakati pa anthu. Atawaona mayi ake, anaseka mpaka mano onse kuonekera. Pamenepo Amida analiza nthungululu yaitali, yokweza kuposa ya amayi onse a mpingo. Anthu anati mayiyu wakondwa zedi. Anakondwadi, koma nthungululuyo inalinso yobisira kulira.

Christina sanasiye kuoloka Mudi. Ankabwera ku Naperi pafupifupi sabata iliyonse, poyamba yekha, kenako ndi mwana kumsana, kenako ndi wina womugwira dzanja. Diresi lofiira lija analivala atabala mwana woyamba, pamene panalibenso woti anganene kanthu. Amida anapitiriza kunika nsalu, ngakhale obwera nazo ankacheperachepera. Ankanena kawirikawiri kuti agula nsanda ina, koma kanthu kakapezeka kankathera pa adzukulu.

Patatha zaka zisanu ndi zinayi, nkhondo ya azungu itangotha, kunabwera chimfine chachikulu chija chimene chinapulula anthu m'midzi ndi m'tauni momwe. Amida chinamugwira akuchokera kosenda makungwa, ndipo anangogona masiku atatu. Amayi achisilamu atabwera kudzamusambitsa anafunsa za nsanda. Anafufuza kudenga, sanapeze kanthu. Anatuma anthu ku Limbe, koma nsalu yoyera inali itatha m'masitolo, chifukwa maliro anali pakhomo lililonse. Ena anayamba kunong'onezana zoti angomukulunga mumkeka.

"Dikirani," anatero Christina. "Musamukhudze mpaka ndibwere."

Anathamangira kwawo n'kubwerako ndi kabokosi. Anakhala pakhonde la mayi ake, n'kutulutsa diresi lake la ukwati, n'kuyamba kulisula ndi lumo, msoko ndi msoko, osang'amba ngakhale pang'ono. Anachotsa mabatani, anachotsa manja, anatambasula chiuno, mpaka diresilo linabwerera kukhala zidutswa za nsalu. Anazisita ndi manja pa bondo n'kuzipereka kwa mayi wamkulu wa osambitsa aja.

Mayiyo anazitembenuza mokayika. "Mwanawe, izi ndi zovala za kutchalitchi. Tingamuike munthu wathu m'zimenezi?"

"Si zanga izi," anayankha Christina. "Ndi zawo. Anangondibwereka."

Amayiwo anayang'anana, kenako analowa nazo m'nyumba n'kutseka chitseko.